Mlandu wa nyimbo zathu suli pa Chinyanja cha m'komboni

Mwezi wa Ogasiti ndinali pa ukwati wa msuweni wanga kumudzi wina kufupi ndi Mpanshya, kuno ku Rufunsa. Anthu atatha kudya, mnyamata wa sipika anayamba kuponya nyimbo zimene zikuvuta mu Lusaka masiku ano, fumbi n'kukwera mpaka m'mitengo ya mango. Nyimbo yachinayi isanathe, amalume ananyamuka pampando, n'kupita kukazula waya ku batire. Bwalo lonse linangoti zii.

"Izi ndiye nyimbo?" anafunsa. "Chitundu chake sichidziwika ngati ndi Chinyanja, Chibemba kapena Chizungu. Iwe, ika Paul Ngozi, ana awa amveko anthu oimba."

Mnyamatayo anafufuza m'foni mpaka kumupeza Paul Ngozi. Amalume anavina mpaka kuvula jekete. Ife tinaima pambali manja m'thumba, kudikira kuti atope.

Ine ndinakulira ku Mtendere, koma chino ndi chaka chachitatu ndili ndi kantemba pa Chinyunyu, m'mbali mwa Great East Road, pafupi ndi madzi otentha aja. Ndimatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Ntchito imeneyi yandimvetsa nyimbo zambiri, zabwino ndi zoola zomwe, ndipo yandisiya ndi maganizo amene sakondweretsa amalume, komanso sakondweretsa inu anzanga. Chinyanja cha m'komboni sichinaononge nyimbo zathu. Akuziononga ndi oimba amene ali ndi mawu atsopano m'kamwa koma alibe chonena.

Ndiyambe ndi amalume. Paul Ngozi amene iwo amamutenga ngati mboni yawo sankaimba Chinyanja cha m'buku la kusukulu. Imodzi mwa nyimbo zotchuka za gulu lake la Ngozi Family, ya pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977, mutu wake ndi "Nizakupanga Ngozi". Mphunzitsi wa Chinyanja akanaona mutu umenewo akanauzunguliza ndi cholembera chofiira, n'kulemba pamwamba kuti "ndidzakupanga". "Niza" uja ndi wa pa siteshoni ya basi, wa mu shabini, wa m'komboni. Magitala a Zamrock nawonso sanatuluke m'mudzi. Anyamata a WITCH ndi Amanaz anamvera Jimi Hendrix ndi oimba rock a ku Ulaya, n'kusakaniza ndi zakwawo. Ndikukhulupirira kuti nawonso anali ndi amalume awo ozula mawaya. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga chidutswa cha nyimbo yomweyo ya Ngozi Family n'kuchiika mu nyimbo yake ya "Noid", ndipo anthu amene sadziwa komwe kuli Zambia anamva Chinyanja cha mu Lusaka. Chimene chinawoloka nyanja ndi chija chotchedwa choonongeka.

Ndipo mawu amene akuluakulu amalankhula osaganiza kawiri, ambiri ake ndi alendo. "Komboni" anachokera ku Chizungu. "Manje" mukamupeza ku Chizulu ndi Chindebele. "Bululu" ndi "laka" makolo awo ali ku Afrikaans, ndipo mawu ambiri otere anabwera ndi anthu amene anakagwira ntchito ku migodi ndi m'mapulazi a kum'mwera. Agogo athu anapita kukafuna ndalama, anabwerako ndi njinga, bulangeti ndi mawu. Palibe amene anawaimba mlandu wopha chinenero. Mu 2011 dziko lonse linavina "Donchi Kubeba" ya Dandy Krazy, mutu wa theka Chizungu theka Chibemba, ndipo aliyense anamva uthenga wake: landira zimene andale akukupatsa, koma usawauze kumene voti yako ikupita. Chaka chimenecho boma linasintha. Mu 2021 liwu la m'misewu loti "Bally" linakhala dzina la munthu amene analowa ku State House. Amene amati mawu a m'komboni ndi masewera a ana sanaone bwino zisankho ziwiri zimenezi.

Liwu la m'komboni likakhala labwino limasenza katundu amene liwu la m'buku silingathe. Tengani "pamela". M'buku mungalembe kuti ufa wochepa wogulitsidwa m'kapepala. Koma "pamela" amakuuzani zonse nthawi imodzi: kuti m'nyumba imeneyo thumba la makilogalamu 25 lakanika, kuti mayi amagula ufa wa tsiku limodzi, kuti ana adya kamodzi. Tengani "kaloba", ngongole ija imene imabereka usiku munthu ali mtulo. Tengani "salaula", "ngwang'wazi", "kantemba". Lililonse linabadwa chifukwa anthu anali ndi chinthu m'moyo wawo chimene chinalibe dzina. Uku ndi kupeka kweniweni, ndipo opeka ake sanalembedwe pa chikuto cha buku lililonse.

Apa anzanga mukuomba m'manja. Dikirani, chifukwa tsopano ndikubwera kwa inu.

Nyimbo zambiri zimene ndimaika m'mamemore khadi masiku ano sizigwiritsa ntchito mawu a m'komboni motero. Zimangowaza ngati mchere pa ndiwo zopanda nyama. Woimba atenga biti ya amapiano ya ku South Africa, atchula dzina lake katatu, atchula dzina la wojambula, aponya mawu anayi amene akuyenda pa TikTok sabata imeneyo, n'kuwabwereza mpaka mphindi zitatu zitakwana. Mukachotsa biti n'kulemba mawuwo papepala, simupezapo munthu, malo kapena chochitika. Pali mtsikana wopanda dzina, wopanda kwawo, amene ntchito yake ndi kugwedeza chiuno. Pali adani amene woimbayo sanena chimene anamulakwira. Pali galimoto imene tonse tikudziwa kuti ndi yobwereka. Nyimbo yotere imakhala mwezi umodzi. Ndikudziwa chifukwa omwewo amene anandipempha kuti ndiike amabwera kudzandiuza kuti ndifufute, malo achepa.

Sindikunena kuti oimba onse a lero ndi otero. Slapdee akafuna amatha kukujambulira Lusaka m'Chinyanja chake mpaka kumva fungo la ngalande. Chef 187 amapinda Chibemba m'njira yoti ngakhale ife amene Chibemba tinachitola m'basi timabwezera nyimbo kumbuyo kuti timvetse. Pilato anaimba za khoswe amene walowa mumphika, ndipo kumayambiriro kwa 2018 anathawira ku South Africa chifukwa choopsezedwa. Munthu sathawa dziko chifukwa cha nyimbo yopanda kanthu. Yo Maps ali ndi mawu okoma, ndipo anadzaza Heroes Stadium mu 2023, chinthu chimene ambiri ankati woimba wa kuno sangachichite. Vuto langa lili ndi gulu limene likubwera pambuyo pake, anyamata oimba ndi mphuno mofanana, olira chikondi chofanana, moti ndikasakaniza nyimbo zawo khumi palibe kasitomala amene angandiuze kuti uyu ndi ndani.

Amalume asaganize kuti apambana. Nyimbo za kale sizinali zanzeru zonse. Timakumbukira "Common Man" ya P.K. Chishala chifukwa inanena za wantchito amene malipiro ake sakwanira pamene mitengo ikukwera, ndipo nkhaniyo idakali yoona. Koma nthawi ya kalindula inalinso ndi nyimbo zambirimbiri zonyoza akazi, zotamanda mowa, zobwereza mzere umodzi mpaka tepi kutha. Zimenezo zinafa, n'chifukwa chake sitizimva. Amalume amayerekeza mpunga wopeta wa zaka 40 zapitazo ndi mpunga wa lero umene udakali ndi mankhusu. Anyani amasekana zikundu. Komanso m'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo zimenezi zinapatsa oimba aja bwalo. Mnyamata wa lero akupikisana ndi Lagos ndi Johannesburg m'foni imodzi. Ndimamumvera chisoni, koma chisoni sichisandutsa nyimbo yoipa kukhala yabwino.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndimachiona ndikakhala pakhomo pa kantemba kanga. Msewu uwu uli ndi nkhani zoti munthu angaimbe moyo wake wonse. Pali matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa tala ngati anthu odikira basi, ndi mapiri kuseri kwake amene akumetedwa chaka ndi chaka. Pali anyamata amene asiya sukulu kupita kukakumba golide m'maenje, ena kubwerako ndi njinga yamoto, ena kubwerako ndi chifuwa. Pali malole opita ku Chipata ndi ku Malawi, ndi atsikana amene amawadikira usiku. Pali amayi a pa Luangwa Bridge amene amathamangira basi iliyonse ndi nsomba zouma. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga chinauma chisanabereke, madzi ku Kariba anatsika, ndipo m'makomboni magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Chaka chonsecho, pa nyimbo zimene anthu ankandipempha, zambiri zinali za shampeni. Alipo anyamata kuno amene amajambula nyimbo pa laputopu m'chipinda chogona. Akandibweretsera kuti ndimve, ndimapeza akuimba za makalabu a mu Lusaka amene sanalowemo, m'mawu amene anawatola pa Facebook dzulo. Manja awo ali ndi zipsera za nkhwangwa, koma nkhwangwa mulibe m'nyimbo.

Ena amandiuza kuti munthu wovutika safuna kukumbutsidwa mavuto, amafuna kuvina. N'zoona, nanenso ndimavina. Koma ndani ananena kuti nyimbo yovinika iyenera kukhala yopusa? Amalume anavula jekete chifukwa cha Paul Ngozi, ndipo Paul Ngozi ankanena zinthu. Anthu anavina "Donchi Kubeba" mpaka nsapato kutha. Chiuno ndi mutu zili pa thupi limodzi.

Tibwerere ku ukwati uja, chifukwa panachitika china chimene chinanditseka pakamwa. Amalume akuvina, ndinakakhala pa mphasa pafupi ndi ambuya, mayi a mayi anga. Ndinawafunsa kuti pakati pa nyimbo zathu ndi za amalume, iwo akonda ziti. Anaseka, n'kundiyankha m'Chisoli, chimene ine ndimachimva koma kuyankha ndimapunthwa. Anati zonsezo ndi za ku Lusaka. Anati mwana wawoyo, amene lero akulirira Chinyanja, ndi yemweyo amene anabwera kuchokera m'tauni ali mnyamata n'kumawayankha m'Chinyanja iwo akumulankhula m'Chisoli.

Rufunsa ndi dziko la Asoli, la mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Lusaka yeniyeniyo inamangidwa pa nthaka ya Asoli. Koma zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizimveka pa wailesi ya ZNBC ndi kuphunzitsidwa m'sukulu ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chisoli palibe. Mwana wa ku Mpanshya akalowa m'kalasi amakumana ndi Chinyanja, akatsegula foni amakumana ndi Chinyanja ndi Chibemba. Ife tikukangana ngati "niza" ali bwino kuposa "ndidza", chikhalirecho Chinyanja chathu, cha m'buku ndi cha m'komboni chomwe, ndicho nsomba yaikulu imene ikumeza zing'onozing'ono m'dziwe lino. Chinyanja sichili pa ngozi. Chimalankhulidwa kuyambira ku Chawama mpaka ku Lilongwe ndi ku Tete, ndipo chimabereka mawu atsopano sabata iliyonse. Pa zaka zitatu zimene ndakhala ndikuika nyimbo pa Chinyunyu, palibe wachinyamata amene anandipempha nyimbo ya m'Chisoli.

Usiku umenewo, batire itatha mphamvu, amayi achikulire anatulutsa ng'oma n'kuyamba nyimbo zoperekezera mkwatibwi. Mmodzi ankatsogolera, ena n'kumavomera. Atafika poti bwalo lonse livomere, ife achinyamata tinangoomba m'manja, chifukwa mawu sitinkawadziwa. Amalume nawonso ankangoyendetsa milomo.

Tsono pempho langa kwa inu oimba a m'komboni ndi a m'midzi ya m'mbali mwa msewu uno ndi lochepa. Musasiye "niza" wanu chifukwa cha amalume a munthu aliyense. Sakanizani Chinyanja, Chibemba ndi Chizungu mmene mumalankhulira, ndipo ngati muli ndi ambuya olankhula Chisoli, Chilenje kapena Chinsenga, kabeniko mawu awo asanapite nawo kumanda. Koma musanalipire situdiyo, lembani nyimboyo papepala, muiwerenge popanda biti, muone ngati muli munthu amene mukumudziwa, malo amene munapondapo, kapena chinthu chimene chinakusowetsani tulo.

Mng'ono wake wa mkwatibwi uja ndi mmodzi wa anyamata a laputopu. Sabata yatha anabwera ndi nyimbo yatsopano ya kalabu ndi shampeni. Ndinamufunsa mtengo wa botolo la shampeni, sanadziwe. Ndinamufunsa mtengo wa thumba la makala pa msewu, ndi ndalama imene wootcha amatsala nayo akalipira wa ngolo, anandiyankha mpaka ngwee yomaliza. Tapangana kuti akabweretsa nyimbo ya zimenezo, ndiziika ulere m'memore khadi iliyonse yotuluka m'kantemba kanga mpaka Khirisimasi. Anachoka akung'ung'udza kuti ndakalamba ngati amalume.