Mulungu wamkazi m'dzina la usipa

Engraulicypris sardella ndi dzina limene asayansi amatchulira usipa, womwe uja woyanikidwa pa matandala m'mbali mwa gombe la Chembe. Ndi mawu awiri okha, koma ndi oyenera kuwawerenga mofatsa monga ndakatulo yaifupi. Anawaumba ndi Albert Günther wa ku British Museum ku London: sardella mu 1868, Engraulicypris mu 1894.

Tiyambe ndi kamvekedwe. Liwu loyamba lili ndi maphatikizo asanu odzaza makonsonanti ogundana, lilime limachita kupunthwa. Lachiwiri lili ndi atatu osalala, monganso u-si-pa, ndipo limatha ndi -ella, kamchira kochepetsa kamene kamagwira ntchito ya ka- wathu. Choncho dzinali limayamba molemera n'kutsika mopepuka, kufikira litafanana msinkhu ndi kansomba komwe likutchula.

Mkati mwake muli zifanifani zokhazokha. Engraulis ndi anchovy, kansomba ka m'nyanja zamchere. Sardella ndi sadini wamng'ono. Günther sanaone usipa ukuwira pansi pa nyali usiku, anauona wakufa m'botolo, ndiye anaufotokoza poufanizira ndi nsomba zimene owerenga ake ankazidziwa kale. Mafanizowo ndi olondola ndithu: thupi lowonda, mtundu wonyezimira ngati siliva, kuyenda m'chigulu.

Pokoma penipeni ndi pa -cypris. Kachidutswaka kamalumikiza usipa ku Cyprinus, dzina limene Linnaeus anapatsa nsomba ya carp mu 1758, kuchokera ku liwu la Chigiriki lakuti kyprinos. Ofufuza magwero a mawu ambiri amalilondola mpaka kwa Kypris, dzina lina la Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi ndi kubereka, poti Aristotle analemba kuti nsombayi imaikira mazira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pachaka. Malinga ndi Hesiod, Aphrodite anabadwa kuchokera ku thovu la nyanja n'kukatsikira pa chilumba cha Cyprus, ndipo dzinalo analitengera pamenepo. Taonani mmene chithunzichi chikukhalira bwino pa nsomba yathu. Usipa umakhala ndi moyo pafupifupi chaka chimodzi basi, ndipo mtundu wake umapulumuka chifukwa cha kuswana. Usiku wopanda mwezi siginala amayatsa nyali pa bwato, chigulu chimabwera pamwamba, alovi amakoka chilimira, m'mawa chuma chotuluka m'madzi chija n'kufika pamchenga moyang'anizana ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Günther ankangotsata mwambo wa akatswiri anzake pomata kachidutswako, koma mwambowo unanyamula tanthauzo loposa limene iye ankafuna.

Ndipotu dzina la chilumba cha Cyprus linafika kwathu m'njira zingapo. Cyprus ndi Kupro wa m'Buku Lopatulika, kwawo kwa Barnaba, ndipo Pafo, kumene Paulo anakumana ndi wanyanga Elima mu Machitidwe 13, ndi Paphos, likulu la chipembedzo cha Aphrodite. Amishoni a Livingstonia amene anamanga pa Chembe mu 1875 anali ndi mawu amenewo m'mabuku awo usipa usanalandire dzina la Engraulicypris. Aroma nawo anatcha mkuwa cuprum chifukwa unkakumbidwa pa chilumbacho, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera Kopala, dzina limene anzathu a ku Zambia amatchulira dera la migodi. Mayi wogula usipa wofutsa pa msika wa ku Kitwe ali ndi chilumba chimodzi m'mbale ndi pansi pa mapazi omwe.

Chimene dzinali lilibe ndi nyanja yathu. Mulibe mwera, mulibe nyali, mulibe liwu ngakhale limodzi la asodzi amene ankaidziwa nsombayi kalekale Günther asanabadwe. Asayansi a masiku ano anayamba kukonza zimenezi: mu 2016 gulu lina la mbuna analitcha Chindongo.