Mlendo ndi Mame

Chaka china ku Thekerani kudafika alendo ochokera kunja kudzathandiza odwala mano mwaulere. Anthu adakhamukirako, ena atatsika mapiri chigwirire tsaya, pajatu dzino likayamba kuwawa munthu saona tulo. Azakhali anga adali pamzere womwewo. Adawazula dzino, iwo n'kuthokoza mogwada. Patatha masiku anayi nsagwada idatupa, koma alendo aja n'kuti atakwera kale ndege. Ulendo wa kuchipatala cha boma ku Thyolo udadya ndalama zonse za nthochi zomwe azakhaliwo adagulitsa mwezi umenewo.

Sindikunyoza mtima wa alendowo ayi. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Chimene ndikutsutsa ndi chithandizo choyezedwa ndi kuchuluka kwa mano ozulidwa. Kuzula n'kwachangu, ndipo chiwerengero chake chimakoma m'malipoti opita kwa opereka ndalama. Kumata dzino, kuonanso wodwala pakapita sabata, ndi kuphunzitsa ana kutsuka mkamwa zimafuna munthu wokhalitsa, ndiye n'chifukwa chake zimatsalira.

Njira ina ilipo, ndipo taiona. Mu 2018 boma la Scotland lidapereka ndalama ku ntchito ya MalDent, mgwirizano wa University of Glasgow ndi College of Medicine, yomwe lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2019 maphunziro a digiri ya udotolo wa mano adayamba ku Blantyre, kwa nthawi yoyamba m'dziko muno. Kale wofuna digiriyi ankayenera kupita kunja. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yadziko yosamalira umoyo wa mkamwa. Apa mlendo adasiya mbewu m'manja mwa eni munda.

Choncho wobwera kudzathandiza alembetse kaye ku Medical Council of Malawi monga malamulo anenera. Agwire ntchito limodzi ndi asing'anga a mano athu, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, chifukwa ndiwo amatsala ndi odwala iye akachoka. Wophunzira asadzayesere pakamwa pa mmphawi zimene kwawo sangaloledwe kuchita. Ndipo asananyamuke, anene poyera kumene wotupa nsagwada akapite.

Azakhali adachira, koma mpaka lero amatafunira mbali imodzi, ndipo akamva za alendo ena amayamba afunsa kuti akhala masiku angati.