Zorin OS: Cikopa ca Mbuzi pa Kompyuta ya Mpingo

Acinyamata anzanga, ngati mu ofesi ya mpingo wanu muli kompyuta yakale imene alembi amalembera ndondomeko ya mapemphero ndi malipoti a zopereka, nkhani iyi ndi yanu, cifukwa mawa lino akulu a mpingo adzaitana inu amene munaphunzirako za kompyuta kuti muwalangize. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa iwo amene analembetsa caka cimodzi coonjezera. Kompyutayo imayakabe, inde, koma mipata yolowera akuba a pa intaneti siitsekedwanso. Windows 11 nayo ndi yosankha: imafuna kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makompyuta a salaula ndi amphatso amene tili nawo kuno ku Lundazi, ambiri a iwo sangaloledwe.

Tsiku lomwelo la 14 Okutobala kunatuluka Zorin OS 18. Uwu ndi mtundu wa Linux wopangidwa ku Ireland ndi anyamata awiri apacibale, Artyom ndi Kyrill Zorin, amene anautulutsa koyamba mu 2009. Cimene amalonjeza ndi cakuti munthu wocokera ku Windows adzamva ngati ali kwao.

Pa maonekedwe sananame. Batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere, koloko ili kumanja, mafoda ali pomwe dzanja liwayembekezera. Tisacipeputse cinthu ici. Ife amene tinakumana ndi phunziro la kompyuta ku Giredi 8 ndi 9 litalowa m'silabasi mu 2014 timayesa kudina apa ndi apo osaopa. Koma alembi a zaka 60, amene anaphunzira kutaipa atakula kale, akaona skrini yacilendo amangoika manja m'thumba. Kwa iwo Zorin ndi wacifundo, ndipo Core, mtundu wake wa anthu onse, ndi waulere.

Komabe mukumbukire nkhani ya pa Genesis 27. Isake, maso atacita khungu, anapapasa mwana amene anamubweretsera cakudya napeza ubweya. Cinali cikopa ca mbuzi. Cimene cinamukayikitsa nkhalambayo cinali liwu. Zorin wavala cikopa bwino kwambiri, koma akayamba nchito liwu lake ndi la Linux basi.

Microsoft Word mulibe. Muli LibreOffice Writer, pulogalamu yabwino ndithu, imene imatsegula makalata a Word. Koma zilembo za Calibri zimene Word inatizolowetsa sizibwera nayo, nthawi zina mizere imasuntha, ndipo ndondomeko ya Sabata imene inkakwana patsamba limodzi lopinda pakati imasefukira patsamba laciwiri. Amene mumakonza makhadi a ukwati ndi Publisher mudzavutika koposa, ngakhale kuti Microsoft nayo inalengeza kuti Publisher ithera mu Okutobala 2026. Mukadina pulogalamu ya Windows, Zorin amakuuzani ina yofanana nayo, kapena amayesa kuiyendetsa kupyolera mu Wine. Zina zimayenda, zina zimatseguka n'kufa pomwepo. Apa ndi pamene ndimamudzudzula: kwa munthu wosadziwa, khomo lotere limaoneka ngati lonjezo, ndipo tsiku limene pulogalamu ya maakaunti idzakana, mlandu udzagwera inu amene munati "n'cimodzimodzi." Palinso mtundu wogulitsa, Zorin OS Pro, umene mwa zina umaonjezera maonekedwe ofanana ndi Windows 11 ndi macOS. Ndalama ya m'mbale ya Mulungu isapite kukagula cikopa caciwiri.

Ine ndikadakhala pa komiti yanu ndikadaloza Linux Mint, imene inayambidwa ndi Clément Lefebvre mu 2006. Nayo ili ndi batani pansi kumanzere, koma siyesa kudzipanga mwana wa nyumba ina. Munthu amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti wasamuka, ndipo amayembekezera kuphunzira. Mtundu wake wa Xfce ndi wopepuka, woyenera makina a RAM ya 4 GB amene amapuma mwawefuwefu. Pansi pa zovala, awiriwa ndi a mimba imodzi: Zorin OS 18 ndi Mint 22 onse anamangidwa pa Ubuntu 24.04, ndipo onse adzasamalidwa kufikira 2029. (Dzina lakuti Ubuntu ndi umunthu wathu womwewu. Anaupatsa dzinali Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004.) Onse awiri amafuna kompyuta ya 64-bit, cotero yakale kwambiri ija isayembekeze cipulumutso kwa aliyense wa iwo.

Pali kanthu kamodzi kamene Linux imatikomera ife a kuno, ngakhale otsatsa sakachula. Pa Boma ndi m'midzi yathu zolengeza zambiri zimalembedwa m'Citumbuka, ndipo cilembo ca ŵ cimabwera pafupifupi mzere uliwonse. Pa Mint ndi pa Zorin mungasankhe batani limodzi kukhala Compose. Mukalidina, kenaka ^ ndi w, ŵ watuluka, m'pulogalamu iliyonse. Alembi amene akhala akujambula kadenga ndi bolopeni pa pepala lililonse adzakudalitsani.

Funso limene otsatsa aku Ulaya sangatiyankhire ndi ili: zikavuta adzathandiza ndani? Okonza makompyuta ambiri anaphunzira pa Windows, ndipo ena akaona Linux amangofufuta zonse n'kuikamo Windows yakuba, cinthu cosayenera mu ofesi ya mpingo. Ku Chipata ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Kutsitsa Zorin kapena Mint kumadya magigabaiti pafupifupi atatu kapena kuposerapo, osawerengera zoonjezera za mwezi ndi mwezi. Ndiye ngati m'cigawo canu muli mphunzitsi kapena wacinyamata wodziwa umodzi wa mitundu iwiriyi, tengani umenewo, ngakhale utakhala Zorin amene ndamudzudzulayu. Mipingo yoyandikana itsitse kamodzi n'kubwerekana fulashi.

Musanafufute kanthu, koperani mafaelo onse a mpingo, makamaka kaundula wa ubatizo ndi maukwati, pamalo awiri osiyana. Kenaka yatsani kompyuta kucokera pa fulashi osaikamo ciliconse, pakuti mitundu yonse iwiri imalola zimenezi. Alembi akhale pa mpando, inu muimirire kumbuyo manja ali kumsana. Atsegule ndondomeko yeniyeni ya Sabata latha, asinthe nambala ya nyimbo, asindikize pa pulinta yomweyo ya mu ofesi. Mapulinta ambiri a HP amagwira nchito mosavuta, koma ena akale otsika mtengo amakhala cete ngati sanamve. Pepala likatuluka, liyikeni pambali pa la sabata latha, alembi aone okha ngati mizere yasuntha.