Amisiri a Ngalawa za Matanga ku Likoma

Ndimawapatsa ulemu amisiri okhoma ngalawa za matanga pachilumba cha Likoma. Luso lawo ndi lakale: Jumbe woyamba atafika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ngalawa zamtunduwu zinayamba kudula nyanja ya Malawi. Kalelo zinkanyamula akapolo ndi minyanga ya njovu, nkhani yowawitsa mtima. Lero zimaoloka kupita ku Cobue, kutsidya la Mozambique, n'kubwera ndi nkhuni, chimanga ndi udzu wofolera.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mmisiri amadziwa kuti ngalawa ndi nyumbanso. Mwera ukakalipa, makamaka miyezi yozizira ya June ndi July, amalinyero amakhala masiku angapo pagombe lachilendo, kugona ndi kuphikira momwemo. Ndiye mmisiri amakhoma kadenga ka matabwa kutsogolo kuti ufa, machesi ndi zofunda zisanyowe. Mbaula imafuna pake, kutali ndi thanga. Pansi amasiya mpata woti munthu azikapa madzi ndi chigubu chodula pakamwa.

Mukamuona akutseka mipata ya matabwa mungaiwale ulendo wanu. Amapota thonje ngati chingwe, n'kumalilowetsa pang'onopang'ono ndi tchizulo ndi hamala, khutu lili tcheru kumva ngati lalowa mokwanira, kenaka amamata phula. Chala chimayenda pamzere wonsewo kufufuza pofooka. Akapeza, amazula thonjelo n'kuyambiranso, ngakhale mwini ngalawa akhale akumufulumiza.