Sewero si pakamwa pokha

Loweruka lapitali ndinakaonera mpikisano wa zisudzo pa sukulu ina ya sekondale mumzinda muno, ndipo sewero limene linatenga chikho ndi limene landigwiritsa cholembera lero. Nkhani yake inali ya mayi wamasiye amene akulandidwa katundu ndi abale a mwamuna wake, anthu asanamwazike n'komwe pa siwa. Mtsikana amene anatenga mbali ya mayiyo ali ndi mphatso, zimenezo tisabise. Sanalire mokuwa ngati m'mene amachitira anzake. Anangokhala pa mphasa n'kumapinda malaya a malemuwo, holo yonse kuti zii.

Koma taonani zimene zinamuzungulira mwanayu. Chigawo cha usiku, pamene alamu ake akudzanyamula mipando mozemba, chinachitika dzuwa likuswa mtengo, kuwala kuli ngwee m'mawindo onse, mpaka kamnyamata kena kanadutsa pa nsanja katanyamula katoni yolembedwa kuti tsopano kwada. Anthu anafa nalo phwete pa malo ofunika misozi. Maikolofoni inali imodzi, ndipo anawo ankalandizana ngati chikho cha thobwa. Gogo wa m'sewerolo anamuthira ufa kumutu, koma kumapazi kuli nsapato za yunifolomu ndi masokosi oyera.

Anawa alibe mlandu. Palibe anawauzapo kuti kuwala, phokoso, zovala ndi kakonzedwe ka nsanja nazonso zimayankhula, ndipo kuti zikanama, wosewera ngakhale aluse bwanji sewero lagwa basi.

Vutoli ndi lakale. Mpikisano wa zisudzo wa bungwe la ATEM unayamba mu 1969, ndipo cholinga chake, monga dzina la bungwelo likunenera, chinali kuthandiza ana kuphunzira Chingerezi. Sewero linalowa m'sukulu ngati wantchito wa phunziro lina, ndiye khutu la aliyense linali pa katchulidwe ka mawu. Kunyumba nako tinakulira pa wailesi ya MBC, kumvera Kapalepale ndi Pamajiga, pakuti kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Tinazolowera kumva sewero, osati kuliona. N'zodabwitsa kodi kuti mpaka lero kwa ambiri a ife sewero labwino ndi lokhala ndi mawu akuluakulu ndi nthabwala?

Sindikunyoza mpikisanowu ayi. Ndi umene unatipatsa Du Chisiza Jr, amene anapambana mu 1982 ndi sewero lake la The Deceased's Attack ali mwana wa sukulu pa HHI ku Blantyre. Koma tisaiwale kuti iyeyu sanakhutire ndi chikho. Anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, ndipo atabwerako anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Mphatso anali nayo kale, komabe anaona kuti luso ndi lophunzira. Nanga mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene sadzakwera ndege akaphunzire kuti?

Maganizo anga ndi akuti zisudzo zikhale phunziro lenileni pa sukulu iliyonse ya sekondale, lokhala ndi nthawi yake pa ndandanda, mphunzitsi wake ndi malikisi ake, osati kalabu ya Lachitatu masana imene imadzuka mpikisano ukayandikira. Ndipo theka la phunzirolo likhale la kuseri kwa nsanja: kuunikira, kukonza zokuzira mawu, kusoka zovala, kukhoma ndi kupenta zoimika pa nsanja, komanso kusunga buku losonyeza amene alowe, nthawi yake ndi chimene anyamule.

Ena ati ndalama zake zichokera kuti, magetsi omwe ndi ozimazimawa? Funso labwino. Koma kutchinga mawindo ndi mabulangete a ku hostelo sikufuna ndalama. Tochi ziwiri ndi nyali ya koloboyi zikadatipatsa usiku wa mayi wamasiye uja. Mphunzitsi wa sayansi amene amaphunzitsa za kuwala ndi magetsi, wa zaukalipentala ndi wa zosokasoka, pamene alipo, ndi aphunzitsi a zisudzo kale, kungoti palibe anawaitana. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lonseli tamusenzetsa mphunzitsi wa Chingerezi yekha.

Ndipotu izi si zachilendo kwa ife. Kumudzi gule sayamba ng'oma isanawambidwe pa moto ndi kumatidwa phula, bwalo lisanasesedwe. A malipenga amachezera kusita zovala zawo zoyera ndi kukonza zipanda zoimbira. Makolo athu ankadziwa kuti wovina amaimira anthu ambiri amene saoneka m'bwalo.

Palinso za m'thumba. Si mwana aliyense adzakhale Izeki kapena Jakobo. Koma amene wadziwa kulumikiza masipika popanda kulira kwa tswii sadzagona ndi njala, pakuti maukwati, matchalitchi, oimba ndi nyumba zoulutsa mawu zonse zikumufuna.

Kwa oweruza a mipikisanoyi pempho langa ndi limodzi. Chaka chamawa patulani mphotho ya mwana amene sitinamuone pa nsanja, amene anachititsa kuti tikhulupirire kuti kwada. Mudzaona m'mene mawindo adzatchingidwire.