Za Nyumba Zodyeramo za pa Siteshoni

Akulu athu a ku Golomoti ndi ku Mtakataka akakhala pamthunzi atatuluka m'tchalitchi, kawirikawiri amadandaula za nyumba zodyeramo zimene zinali pa siteshoni. Amati tiyi wake anali wokoma, nsomba zake zazikulu, ndi kuti nyumbazo zinatha chifukwa ana a makono ndi aulesi. Ife za nsombazo tivomera, koma za ulesizo tikana ndithu.

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, nidutsa m'chigwa chathu cha Bwanje. Sitima ikaima, aulendo ankatsika osafulumira. Mayi wogulitsa ankawathirira madzi m'manja, nawapatsa nsima yamoto ndi utaka kapena mlamba; ndipo mlendo wopita ku Chipoka kukakwera sitima ya panyanja ankadyera pa benchi limodzi ndi mlimi wa thonje, nafunsana za kwawo. Tisabise, abale: ntchentche zinalipo, ndipo tiyi wa ena anali madzi ofiira chabe.

Tsono sitima yonyamula anthu inaleka kuyenda kuno, aulendo nasamukira ku msewu wa tala. Minibasi siidikira munthu. Nanga mayi angamphikirenji nsima munthu wosatsika? Chifukwa chake mdzukulu wake waika chiwaya m'mphepete mwa msewu, nathamangira pa zenera la galimoto ndi tchipisi m'jumbo, kuyambira mbandakucha kufikira mdima. Ameneyo ndiye akulu akumutcha waulesi.