WOIMBA WOSABWEREZA LIU LACE

Munthu wosonkhanitsa mbale za galamafoni ali ndi mwai umene womvera wailesi alibe. Wa pa wailesi amamva nyimbo lero, mawa naiiwala. Koma wosonkhanitsa amandandalika mbale zonse za woimba mmodzi monga mwa zaka zace, naona njira imene munthuyo anayenda. Alipo oimba ambiri amene mbale zao zikandandalikidwa cotere zimawacititsa manyazi, pakuti yacisanu imangobwereza yoyamba. Polly Jean Harvey, mkazi wa ku England wodziwika ndi dzina lakuti PJ Harvey, sali mmodzi wa iwo ai.

Iye anabadwa m'caka ca 1969 ku Bridport, m'cigawo ca Dorset, nakulira kumudzi. Maimbidwe ace ndi amene Angerezi amawacha alternative rock, ndiko kunena nyimbo za magitala zosatsata zofuna amalonda. Mbale yace yoyamba, Dry, inaturuka mu 1992, ndipo yaciwiri, Rid of Me, mu 1993. Pa masikuwo anali kagulu ka anthu atatu cabe, koma phokoso lao linali ngati la khamu. Nyimbo yotsegulira Rid of Me imayamba monong'ona, kotero kuti wosaidziwa amasendera pafupi kuti amve bwino. Ndipo mwadzidzidzi gitala ndi ng'oma zimamgwera ngati mphezi. Steve Albini, amene anajambula mbaleyi, sanasalaze ukali umenewo.

Anthu atamtama cifukwa ca ukaliwo, iye anausiya. Mu 1995 anaturutsa To Bring You My Love, m'mene amaimba ndi liu lakuya pamodzi ndi limba, ndi mau odzala ndi cipululu, madzi, ucimo ndi kupembedzera, monga munthu wodziwa Buku Lopatulika. Nyimbo ya "Down by the Water" ikamba za mai womiza mwana wace m'madzi. Ena anayesa kuti alikuulula za moyo wace, osazindikira kuti wopeka nyimbo ali ngati wokamba nthano, amene amalankhula m'malo mwa fisi iye osakhala fisi. Mu 2000 inadza Stories from the City, Stories from the Sea, yowala ndi yokoma m'makutu, imene inampatsa mphotho ya Mercury mu 2001. Koma mu 2007, pa White Chalk, anaika gitala pambali nakhala pa piyano, coimbira cimene sanacizolowere, naimba ndi kaliu koonda ngati ka mwana.

Mbale yopambana zonse ndi Let England Shake ya 2011, yojambulidwa m'calici ca ku Eype kwao ku Dorset. Nkhani yace ndi nkhondo, makamaka anyamata amene anafera ku Gallipoli mu 1915. Codabwitsa ndi ici, kuti mau ali oopsa koma maimbidwe ali opepuka, oyenda ndi autoharp, coimbira ca zingwe zambiri cofanako ndi bangwe. Womvera amayamba kugwedeza mutu mokondwa asanazindikire kuti alikubvinira maliro. M'nyimbo ya "The Glorious Land" lipenga la asilikari limalira mosagwirizana ndi ng'oma, ndipo wosadziwa angaganize kuti mbale yaonongeka. Koma woimbayo anacita dala, pakuti nkhondo nayo imalowa m'mudzi yosapempha malo. Mbaleyi inampatsanso mphotho ya Mercury, nakhala iye munthu woyamba kuilandira kawiri.

Komatu kutama kopanda kudzudzula ndiko kusyasyalika. The Hope Six Demolition Project ya 2016 inacokera m'maulendo ace a ku Kosovo, Afghanistan ndi Washington, ndipo siifika pa msinkhu wa inzace ija. Za England anaimba monga mwini dziko wolira abale ace; za maiko awa anaimba monga wodutsa amene analemba zimene maso anaona. Atsogoleri ena a ku Washington anadandaula kuti ananyoza dera lao la anthu osauka. Nzoona kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo ndi mamenso, sakhalitsa kuti adziwe mitima ya eni mudzi. Ngakhale ziri tero, kulephera kotere nkwa munthu woyesa njira yatsopano, osati kwa waulesi. Ndipo mu 2023, pa I Inside the Old Year Dying, anabwerera kwao naimba ndi mau a cinenero cakale ca ku Dorset.

Kuyambira 2020 mbale zace zakale zinasindikizidwanso, pamodzi ndi zina zosunga nyimbozo monga anayamba kuzijambula pa yekha zisanakongoletsedwe. Apa ndi pamene wosonkhanitsa amalandira malipiro ace. Akaika singano pa mbale yoyesera, naikanso pa yotsirizika, amamva kuti nyimbo inali itaima kale pa miyendo yace oimba anzace asanafike. Liu linasintha kambiri, zoimbira zinasintha, koma mmisiri ndi mmodzi, wosaopa kugwetsa cimene anamanga dzulo. Wogula mbale imodzi yokha adzamdziwa mbali imodzi, ndipo kapena adzamuweruza molakwa. Kuona maso a nkhono nkudekha.